Tsiku Limene Firiza ya Anaphiri Inakhala Chete

Apongozi anga, Anaphiri, tinawaika mwezi watha. Pamaliro abusa ananena kuti anali mayi wofatsa, ndipo amayi a kumtsinje amene anakhala pafupi ndi ine anayang'anizana, mmodzi n'kubisa nkhope m'chitenje. Sikuti ankalira ayi. Anaphiri sanali ofatsa, ndipo akanamva mawu amenewo akanadzuka m'bokosimo kuti awakonze. Ndakhala nawo nyumba imodzi ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chikwatiwireni ndi mwana wawo Dalitso, ndipo ndinkawaopa kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ndikulemba izi chifukwa pali uthenga umene anandituma asanatisiye. Ndinakaupereka, koma sukundichoka pamtima.

Kukacha sankayamba ndi kupereka moni kwa anthu. Ankayamba ndi firiza. Inali firiza yaikulu yovundukula pamwamba, yomwe kale inali yoyera koma pofika nthawi yanga inali itasanduka yachikasu. Inkakhala pa njerwa zinayi pakona ya pabalaza, pamene anthu ena amaikapo wailesi yakanema. Ankaika chikhatho m'mbali mwake, kenako n'kuwerama kutchera khutu kumbuyo kwake, ndipo akamva kuti kompuresa, injini yake yoziziritsa, ikung'ung'udza bwino m'pamene ankatembenuka n'kufunsa ngati tadzuka. Dalitso ankaseka kuti iye ndi mwana wachiwiri m'nyumbamo, woyamba ndi uja wa pa njerwa. Amayi ake sankatsutsa.

Malamulo a firizayo anali ambiri kuposa a kumpingo. Sinkatsegulidwa chisawawa, ndipo wofuna madzi ozizira ankauzidwa kuti mtsuko uli kukhitchini. Loweruka lililonse kumbuyo kwake kunkasesedwa ndi nthenga za nkhuku kuti fumbi lisaitsamwitse. Mpeni sunkayandikira pamenepo. Ankati amene amagoba madzi oundana ndi mpeni ndi mfiti ya mafiriza, chifukwa akaboola kapaipi kamodzi gasi yense amathawa ndipo palibenso chokonza. Koma lamulo lalikulu linali la pulagi. Magetsi akazima, chinthu choyamba chinali kuzula pulagi, kaya mwana akulira kaya mphika ukupserera. Kenako firiza inkafunditsidwa mabulangete, kuyambira ndi labwino la alendo. Magetsi akabwera sunkathamangira kulumikiza. Ankati amabwera ndi ukali, choncho uyenera kunena kaye Pemphero la Ambuye kasanu, osathamanga, kuti mkwiyo wawo uphwe.

Za m'firizamo sizinali zathu. Amayi a kumtsinje, akazi a asodzi ndi ena ogulitsa nsomba pamsika amene kwawo kunalibe magetsi, ankabwera kudzasungitsa nsomba kwa Anaphiri. Panalibe buku, panalibe kulemba maina. Mayi aliyense anali ndi kansalu kake kong'ambidwa ku chitenje, ndipo phukusi lake linkamangidwa ndi kansalu kameneko. Akatenga nsomba zake, kansaluko kankapachikidwa pa msomali pamwamba pa firiza kudikira ulendo wina. Anaphiri ankadziwa tinsalu tonse pamtima, ndipo sindinamvepo kuti phukusi la wina lapita kwa wina. Mayi wina atayesa kunena kuti nsomba zake zachepa, Anaphiri anamutulutsira phukusi lake, anamupatsa ndi kansalu kake komwe, n'kumuuza kuti njira ya kumtsinje akuidziwa. Mayiyo anabwera kudzapepesa katatu asanamulole kupachikanso kansalu pa msomali. Mawu amene ankabwereza kwa ife anali oti chako ukhoza kutaya mmene ungafunire, koma cha mwini umafa nacho m'manja.

Amisiri a mafiriza a mu Kafue ankawadziwa, ndipo ambiri ankathawa akaitanidwa kwathu. Malemu amuna awo, a Yohane Mbewe, anali amagetsi ku fakitale, ndipo Anaphiri anaphunzira zambiri powagwirira tochi. Zotsalazo anaziba kwa amisiri omwewo. Ankakoka mpando, n'kukhala pafupi ndi munthu akugwira ntchito, n'kumufunsa dzina la chilichonse chimene wakhudza mpaka munthuyo thukuta kamukamu. Chimene chinkawakwiyitsa n'chakuti amisiriwo, firiza ikangosiya kuzizira, onse ankaimba nyimbo imodzi yoti gasi watha. Anaphiri ankati zili ngati sing'anga amene aliyense wodwala amamuuza kuti walodzedwa ndi azakhali.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lamulungu la mwezi wa Okutobala, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, dzuwa likuswa mtengo. Anaphiri anali atapita ku Lusaka Lachisanu ku msonkhano wa amayi a mpingo, Dalitso ali kuntchito kutali, nyumba n'kundisiyira ine. Masana a Lachisanulo magetsi anazima ine ndili kumsika. Pobwera ndinatanganidwa ndi zina, pulagi sindinazule, mabulangete sindinafunditse. Madzulo magetsi anabwera, kagetsi kobiriwira ka pafiriza kanayaka, ine mtima m'malo. Nthawi imeneyo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, ndipo tonse tinali titazolowera nyumba yachete moti khutu linaleka kufunsa. Loweruka lonse ndinadutsa pafupi ndi firizayo kambirimbiri osazindikira kuti sikulira.

Anaphiri anafika Lamulungu m'mawa ndi minibasi yoyamba. Chikwama chili paphewa, anaika chikhatho m'mbali mwa firiza, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha.

“Amake Tamara,” anandiitana, “iyi yakhala chete kuyambira liti?”

Ndinayembekezera kuti denga ligwa. Koma sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anaponya chikwama pansi n'kuyamba kufufuza mmene ankachitira nthawi zonse, kuyambira pa zazing'ono. Analumikiza simbi yositira pa soketi yomweyo, inatentha, ndiye kuti magetsi analipo. Anayang'ana kogudubuza kochepetsera ndi kuwonjezera kuzizira, kanali pamalo pake. Anapanikiza kapepala pakati pa labala wa chivundikiro ndi mlomo wa firiza n'kukakoka, kanakana kutuluka, ndiye kuti labala ankagwira bwino. Kenako anagona chammbali pansi, atavala yunifomu ya kumpingo yomweyo, khutu pafupi ndi kompuresa. Tinadikira. Panamveka kakuti “tika”, kung'ung'udza pang'ono ngati munthu wofuna kudzuka koma akulephera, kenako “tika” kachiwiri, n'kukhala zii. Anakhudza kompuresayo n'kuchotsa dzanja msanga. Inali yotentha ngati mphika.

Anazula pulagi. Anatsegula chivundikiro kamodzi kokha, mwachangu, n'kudina nsomba yapamwamba ndi chala. Chala chinalowa. Anapisa mkono pakati pa mapukusi mpaka m'chigongono, n'kunena kuti zapansi zikadali zolimba, koma sizifika mawa. Anatseka, ndipo tinaunjikapo mabulangete onse a m'nyumba.

Firizayo inali yodzaza mpaka pakamwa, mapukusi a amayi oposa khumi. Koma pansi penipeni panali phukusi limodzi lomangidwa ndi kansalu kofiira ka madontho oyera, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti ndilo likutiwotcha mtima. Linali la Bana Mutinta, ndiko kuti amake Mutinta, mayi wachitonga wa kumtsinje. Mwana wawo Mutinta ankakwatiwa, ndipo Loweruka lotsatira kunali chilanga mulilo, mwambo uja akuchikazi amaphika zakudya zosiyanasiyana n'kukapereka kwa mkamwini ndi abale ake. Bambo ake a Mutinta, msodzi, anakhala miyezi iwiri akupatula nsomba yaikulu koposa pa ulendo uliwonse, kuti akuchimuna akadzavundukula mbale adzadziwe kuti mtsikanayo akuchokera kunyumba ya msodzi. Kenako anadwala masiku ochepa n'kumwalira, ukwati usanafike. Nsomba zimenezo zinali zomaliza kugwidwa ndi manja awo.

Anaphiri anandituma kukaitana mmisiri wina, bambo Chanda, amene ndinakamutulutsa m'tchalitchi ulaliki uli mkati. Anafika, anagogoda firiza ndi chala, osawerama n'komwe.

“Amai, apa gasi yasila. Tizafaka gasi pa Mande, olo pa Chuzide.”

“Gasi ikatha, kompuresa imalira osapuma ngati mwana wanjala,” anatero Anaphiri. “Iyi ikulira?”

“Manje mekaniki ni ine olo ni imwe?”

Anaphiri anagwada, anachotsa kachivundikiro kakuda m'mbali mwa kompuresa, n'kusolola kanthu kochepa ngati bokosi la machesi. Kameneko ndi karileyi, kamene kamadzutsa kompuresa kuti iyambe kugwira ntchito. Anakagwedeza pafupi ndi khutu la bamboyo. Kanalira tchekeretchekere ngati njere m'chikho chouma, ndipo kankanunkha kupserera. Magetsi aja atabwera ndi ukali Lachisanu, anapeza pulagi ili pakhoma, n'kukawotcha.

Bambo Chanda anavomera, koma kuvomera kwake sikunatithandize. Anakhuthula chikwama chake chonse pansi, ndipo tirileyi tonse anali nato sitinkalowa pa kompuresa yachikale ngati imeneyo. Masitolo a ku Lusaka anali otseka, ndipo ngakhale Lolemba, anati, mwina ukhoza kuzungulira tsiku lonse osakapeza. Anati akhoza kulumikiza mawaya mwachidule kuti ingodzuka, koma Anaphiri anakana, poti akatero kompuresa yomwe ikhoza kupsa n'kutha zonse.

Ndinathamanga Nangongwe yense ngati wamisala. Amene anali ndi mafiriji anali ndi ang'onoang'ono, odzaza kale, ndipo nyumba ziwiri zokha zinalandira timapukusi tochepa. Wa butchala anati nsomba zinganunkhitse nyama yake. Ogulitsa madzi oundana anali atagulitsa onse chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi kuja. Ndinabwerera manja lendelende, ndikulira panjira anthu akundiona. Pansi pa firiza panali patayamba kuoneka kadontho ka madzi.

Nkhani siigona pamalo amodzi. Dzuwa lisanafike pamutu, Bana Mutinta anatulukira, atavala zakuda. Ndinkaganiza kuti alalata, koma analowa mwakachetechete, anakhala pansi pafupi ndi firiza, n'kuika dzanja pa bulangete.

“Bana Dalitso, nikalibe kumuuza Mutinta,” anatero. “Batate bake banakamba ati mwana wanga sazapeleka nsomba zogula, nizagwila neka. Manje nizamuuza chani?”

Anaphiri anati, “Pitani kunyumba. Musamuuze kanthu. Nsomba zanu mudzatenga Lachisanu zili gwa.”

Bana Mutinta atatuluka, apongozi anga anaimirira pakati pa balaza, karileyi kopsako kali m'manja. Sindinawaonepo atasowa chochita chotero. Milomo inkagwedera ngati akukangana ndi munthu wosaoneka. Kenako anakakulunga m'kampango n'kunena kuti, “Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tenga nsapato, tikupita ku Estates.”

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino, chifukwa ku Kafue Estates kunali nyumba imodzi yokha imene akanatha kupitako pa nkhani imeneyi, ndipo inali nyumba imene analumbira kuti sadzapondako ali moyo.

A Yohane anali ndi mkulu wawo, a Wedisoni. Onse anabadwira mu Kafue momwemo kwa makolo ochokera ku Malawi, onse ankagwira ntchito fakitale imodzi, ndipo tsiku lina anagula mafiriza awiri ofanana ndendende, aliyense yake. A Yohane anamwalira Dalitso ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Phulusa la moto wa pamaliro lisanasesedwe, a Wedisoni anabwera ndi lole ndi abale. Ananyamula bedi, mipando, njinga, bokosi la zipangizo, makina osokera a Anaphiri amene ankadyetsa nawo banja, mpaka miphika. Atafika pa firiza, Anaphiri anakwera n'kugona pamwamba pake ndi zovala zawo zakuda, n'kuwauza kuti anyamule zonse pamodzi ndi iwo. Amuna anayi anaima mozungulira, koma panalibe wolimba mtima kugwira mkazi wamasiye wa m'bale wawo. Lole inapita. Anaphiri anakhala pamwamba pomwepo mpaka tsiku lotsatira, kuopa kuti ibweranso. Firiza imeneyo, m'nyumba yopanda ngakhale mpando, ndiyo inalera Dalitso.

Kuyambira pamenepo dzina la a Wedisoni silinkatuluka pakamwa pawo lili lokha. Ankati kawalala Wedisoni, kumsika, pamaliro, ngakhale pakhomo pa tchalitchi. Dzinalo linawamatirira bambowo, moti nthawi iliyonse mpingo ukafuna kusankha akulu, dzina lawo linkatchulidwa n'kugwa. Ndipo pamene mbiri inafika yoti firiza ya a Wedisoni yafa chifukwa wina anaigoba ndi mpeni, ndipo tsopano akusungiramo gaga wa nkhuku, Anaphiri anaseka sabata yathunthu. Firiza imeneyo inafa ndi bala la mpeni. Karileyi kake kanali kamoyo.

Tinawapeza a Wedisoni atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi akazi awo ndi alendo awiri a kumpingo, atangoweruka ku mapemphero. Anaphiri anaima pageti kanthawi, ndipo ndinamva mpweya wawo. Kenako analowa, anayenda mpaka pamaso pa bambowo, n'kugwada pa miyala.

“Alamu,” anatero.

“Kodi ni Anaphiri? Mwasochera?”

Anafotokoza zonse mwachidule, maso ali pansi. Anamasula kampango n'kuonetsa karileyi kopsa. Ananena za amayi a kumtsinje, za msodzi womwalira ndi mwana wake. A Wedisoni anamvetsera akusisita bondo.

“Manje mwabwera kupempha kwa kawalala?” anafunsa. “Kawalala sapatsa, mlamu. Kawalala amatenga.”

Mlendo mmodzi anayesa kulowererapo, koma bambowo anakweza dzanja.

“Kanthu ako tengani, kalibe nchito kwa ine. Koma poyamba mukambe pamaso pa anthu aba kuti ine sininabe kanthu. Kuti katundu wa mng'ono wanga ninatenga mwamwambo.”

Ine magazi anawira. Ndinawagwira mkono apongozi anga n'kunong'ona kuti, “Amai, tiyeni, tizaona vina.” Anandichotsa dzanja osandiyang'ana. Zina zoti tione panalibe, ndipo tonse tinkadziwa.

“A Wedisoni sanabe kanthu,” anatero Anaphiri. “Anatenga mwamwambo.”

“Sibanamve bwino aba.”

Anabwereza mokweza, liwu lililonse palokha, mpaka woyenda pamsewu akanamva. Akazi a a Wedisoni anayang'ana kumbali. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika, chifukwa ndinkadziwa kuti mayi amene sanagwadirepo munthu, amene sananamepo ngakhale ponyengerera mwana, wagwada ndi kunama chifukwa cha pulagi imene ine ndinaiwala. Ndinamuda bambo uja tsiku limenelo, ndipo ndinadzida ndekha kuposa.

Firiza yakufayo inali kuseri kwa nyumba, itachita dzimbiri. Anaphiri sanalole munthu kuwathandiza. Anagwadanso, pa zitosi za nkhuku, anasolola karileyi, anakapukuta ndi chitenje, n'kukagwedeza pakhutu. Sikanalire. Anakanunkhiza, n'kukamanga m'kampango. Sanatsanzike.

Titafika kunyumba anapempha madzi, anachukucha m'kamwa, n'kulavulira panja. Kenako anasamba m'manja n'kugona pansi pafupi ndi kompuresa, imene pofika nthawiyo inali itazizira. Karileyi kanalowa ngati kanabadwira pomwepo. Anabwezeretsa kachivundikiro, n'kundiuza kuti ndilumikize pulagi ndine. Ndinaphonya soketi kawiri.

“Tika.” Kenako kung'ung'udza. Tinadikira “tika” wachiwiri uja wozimitsa. Sanabwere. Kung'ung'udzako kunapitirira, kosalala, monga mwa masiku onse. Anaphiri anakhala chigonere, chikhatho chili pa mapaipi akumbuyo, mpaka atamva kuti ayamba kufunda. Pamenepo m'pamene anatseka maso.

Sanapume. Anati firiza kudzuka si ndiye kuti nsomba zonse zapulumuka, ndipo nsomba yosungunuka siibwezedwa mu chisanu kuti ukanamize nayo wogula. Tinatulutsa mapukusi apamwamba amene anali atafewa, tinaitana eni ake, ndipo masana onsewo pabwalo pathu panali utsi, amayi akuwamba ndi kukazinga zimene zikanatheka. Zochepa zimene zinali zitayamba fungo anazikwirira okha kuseri. Zapakati ndi zapansi zinali zikadali ndi chisanu. Phukusi la kansalu kofiira linali lolimba ngati chikuni.

Lachisanu Bana Mutinta anabwera kudzatenga nsomba zawo, zili gwa monga analonjezedwa. Anaphiri sanawauze kanthu za ku Estates, ndipo anandiletsa ine kunena. Koma Kafue ndi wamng'ono, ndipo alendo awiri aja anali ndi pakamwa. Loweruka madzulo Bana Mutinta anabwera ndi mbale yovundikira, muli nsomba imodzi yathunthu ya pamwambo uja. Anagwada pakhomo n'kupereka mbaleyo. Anaphiri analandira mbaleyo n'kuwauza kuti adzuke, akudetsa chitenje.

Chaka chotsatira a Wedisoni anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Panalibenso wowatsutsa, popeza mwini nkhani anali atanena yekha pamaso pa mboni kuti sanaberedwe. Ndipo Anaphiri sanawatchulenso kawalala, ngakhale m'nyumba, ngakhale tili awiri. Ankati mawu ukawanena pagulu ndi ako, kaya ndi oona kaya ndi abodza. Dzina la alamu awo likatchulidwa ankangodzuka n'kukasesa kumbuyo kwa firiza, ngakhale litakhala Lachiwiri. Anapitiriza kukangana ndi amisiri, ndi makondakitala, ndi ine pa nkhani ya mchere wa m'ndiwo, koma ukali wawo unali ngati wachepa mbali imodzi. Ine ndinkaona, ndipo zinkandidya.

Kamodzi kokha ndinayesa kupepesa. Tinali kutongola chimanga pakhonde, ndipo ndinayamba ndi mawu amene ndinali nditawakonza miyezi yambiri. Anandidula ndisanafike pakati.

“Pulagi unaiwala ndiwe,” anatero. “Koma pakamwa ndi panga. Tongola.”

Dalitso anayesa kawiri kuwamasula ku karileyi ka a Wedisoni kaja. Anazungulira Lusaka mpaka anapeza karileyi katsopano kolowa, kanagwira miyezi iwiri n'kupsa. Kachiwiri kanagwira masabata atatu. Nthawi zonse ziwiri Anaphiri anatulutsa ka a Wedisoni m'chitini mmene anakasunga n'kukabwezeretsa, osanena kanthu, chifukwa pa msomali panali tinsalu ta anthu. Kanagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi osadandaula.

Atadwala matenda omaliza anakana kugona kuchipinda. Tinawayalira matiresi pabalaza, pafupi ndi firiza, kuti azimva ikulira. Masana ena Dalitso atapita kukagula mankhwala, anandikodola.

“Ndikapita, usachedwe. Azimayi atenge nsomba zawo, uzimitse, uchotse kanthu kaja ukabweze ku Estates. Ukamuuze kuti ndabweza chake, ndipo ndatenga mawu anga. Ukanene kuti anaba.”

Ndinafunsa chifukwa chake sakutuma mwana wawo.

“Dalitso ndi magazi awo, akafika kumeneko achita manyazi. Iwe unaliko. Unandiona ndikugwada.”

Sabata itatha chiikireni maliro, amayi a kumtsinje anatenga mapukusi awo. Ndinazula pulagi, ndinagona pansi mmene ankagonera iwo, n'kusolola karileyi. Kanali kofunda. Ndinakamanga m'kampango komweko n'kukwera minibasi ndekha.

A Wedisoni ndinawapeza pansi pa mango womwe uja, atakalamba kwambiri, maso atachita ng'ala. Pamaliro paja anali atabwera, n'kukhala kutsogolo ndi akulu anzawo. Ndinagwada monga mwa ulemu, n'kuwaika kanthuko m'dzanja. Anakapapasa ndi zala, ndipo ndinaona kuti akazindikira.

“Amai banakamba ati nibweze chanu,” ndinatero. “Banakamba futi ati batenga mau yao. Ati munaba.”

Anatembenuza karileyi m'manja. Ndinayembekezera kuti andithamangitsa, kapena aitana anthu. M'malo mwake anafunsa ngati firiza ija ikugwirabe ntchito. Ndinati ayi.

“Mashini yosokera ija ikali m'nyumba,” anatero motsitsa mawu. “Sitinasokerepo olo kamodzi. Mungaitenge.”

Ndinawauza kuti zimenezo sindinatumidwe. Ndinadzuka, ndinasasa mawondo, n'kutuluka pageti.

Firiza anadzainyamula anthu ogula zitsulo zakale, amuna anayi, ndipo nthawi ino panalibe wogonapo pamwamba. Pakona paja patsala njerwa zinayi, ndi malo a makona anayi pamene simenti ndi yotuwa chifukwa polishi wofiira sanafikepo zaka zonsezi. Khoma lakumbuyo ndi lakuda pang'ono ndi kutentha kwa kompuresa. Nthenga za nkhuku zikadali zotsamira pakona. Amayi a kumtsinje apeza kwina kosungitsa, ndipo ambiri anatenga tinsalu tawo, koma Bana Mutinta anakana kuchotsa kawo, moti pa msomali palendewera kansalu kofiira ka madontho oyera kokha. Dalitso akufuna kuikapo wailesi yakanema, ndipo ndamuuza kuti adikire kaye.

Dzulo masana magetsi anazima ndili kukhitchini. Ndinasiya mphika pamoto, ndinathamangira pabalaza, ndinagwada pakona n'kutambasula dzanja kuti ndizule pulagi. Pa soketi panalibe kanthu.